Kawailesi Komwe Ndinamanga Kumchira wa Ndege

Apongozi anga mpaka lero amati ndine ndinagwetsa mwana wawo. Sanong'ona ayi, amanena poyera, ana anga akumva, uku akuswa nsawa pakhonde pawo ku Sinda. Ine ndinaleka kukangana nawo. Koma pepala silidula munthu mawu, choncho ndilemba mmene zinayendera, ndipo kupepesa kokha musakuyembekezere.

Ine ndine makanika wa ndege. Eya, mkazi, ndipo funso limenelo ndinatopa nalo kalekale. Ndinakulira ku Katete, kuseri kwa sitolo ya ababa, pafupi ndi msewu waukulu wa ku Lusaka. Ababa ndi Msilamu, anachokera ku Malawi akadali mnyamata, ndipo amagulitsa nsalu, mabatire ndi mawailesi. Wailesi iliyonse yobwezedwa ndi kasitomala inkathera m'manja mwanga, ndipo zambiri zinkatulukamo zikuyankhula. Ndinapita ku Lusaka kukaphunzira, n'kubwerako ndi pepala komanso mwamuna, woyendetsa ndege, Mkhristu wa ku Sinda. Mmene ukwati umenewo unawawira anthu mbali zonse ziwiri sindilowamo pano. Tonse awiri tinalembedwa ntchito ndi bungwe lina lomwe linali ndi kandege kamodzi ka mipando inayi, konyamula madokotala ndi mankhwala kupita nawo kumidzi ya kutali, makamaka dzinja misewu ikaduka. Iye ankakayendetsa, ine ndinkakakonza.

Chaka changa choyamba, itakwana nthawi yoyendera ndege yonse mbali ndi mbali, ndinakwawira kumchira. Kumeneko n'kothina, umalowa chafufumimba ngati wokumba mbewa, thukuta lili chuchuchu. Ndinakapeza kawailesi ka ngozi. Kwa amene simukadziwa, ndi kachipangizo ka mtundu wa lalanje, kakulidwe ngati njerwa, kokhala ndi batire yakeyake. Masiku onse kamangokhala duu. Koma ndege ikamenya pansi mwamphamvu, kamadzidzimuka kokha n'kuyamba kuitana, kuti ofunafuna adziwe kolowera. Komwe ndinapezako kanali kachikale, ka mtundu uja masetilaiti analeka kuumvera. Kulira kamalira ndithu, koma wokamva ndi woyendetsa ndege ina yodutsa chapafupi, akakhala kuti watchera khutu. Tsono ndiuzeni, ndi ndege zingati zimadutsa pamwamba pa mapiri a ku Vubwi?

Ndinatuluka n'kulunjika kwa amanijala, bambo wofatsa amene chilichonse ankachiyankha ndi mawu amodzi akuti tiona.

"Kakugwira ntchito kapena ayi?" anandifunsa.

"Kakulira, bwana, koma kakulirira ndani?"

"Amayi, ndegeyi yauluka zaka zonsezi osagwa. Tiona chaka chamawa."

"Tsoka silinunkha, bwana. Dzanja langa silisaina buku la ndege iyi mpaka kachikale aka katachoka."

Ndege siuluka makanika asanasaine, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Anandiyang'ana ngati ndawatukwanira amayi awo. Ankaona ngati ndi matama a mtsikana wa pepala latsopano. Sankadziwa za achimwene anga.

Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, achimwene, mwana woyamba wa ababa, ankapalasa njinga kupita ndi nsalu kumisika ya m'malire, kupyola Vubwi mpaka mbali ya ku Mozambique. Tsiku lina anapita osabwerako. Basi. Palibe anabwera kudzanena maliro, palibe anatola njinga. Ababa anatseka sitolo miyezi iwiri, akuyenda mudzi ndi mudzi chithunzi chili m'thumba. Uyu akuti ndinamuona akuwoloka mtsinje, uyu akuti ayi, analowera ku Malawi. Ife Asilamu, munthu akamwalira m'mawa, timafuna kuti dzuwa lisanalowe akhale atagona m'manda mwake, ndiwo ulemu womaliza. Ababa atabwerako chimanjamanja anadula nsanda ya achimwene, nsalu yoyera yokulungira mtembo, pampukutu wa m'sitolo mwawo momwe. Anadulanso ina, yawo. Zonse ziwiri anazipinda n'kuziika m'sutikesi pamwamba pa kabati, kuti tsiku lake likadzafika zisadzachite kufunidwa. Zikadali momwemo. Amayi anakalamba mpaka kumwalira akudzidzimuka ndi belu la njinga iliyonse yodutsa pamsewu.

Choncho imfa ine sindilimbana nayo, ndi ya tonse. Chimene ndimadana nacho ndi mtima wanga wonse ndi kusowa kwa munthu. Ndinalumbira ndili wamng'ono kuti wanga wina sadzasowanso ine ndili ndi manja awiri.

Ndege itakhala m'shedi sabata yathunthu, madokotala akuimba mafoni, amanijala anagonja. Anandiponyera patebulo kabuku ka ogulitsa zipangizo, amvekere sankhani nokha. Munali mitundu yambirimbiri, koma kwa ine nkhani inali pawiri. Mtundu wina umafika ku setilaiti n'kunena kuti ndege yakutiyakuti yagwa, koma malo umangoloza chapatalipatali, dera loti anthu angalisake mpaka kutopa. Mtundu wina umatenga malo enieni kumakina a ndege olondolera njira, n'kuwatumiza pamodzi ndi kulirako. Amanijala analoza woyambawo poti unali wotsikirapo mtengo. Ndinawafunsa ngati anayamba auonapo udzu wa ku Vubwi mwezi wa Malichi. Umabisa ng'ombe yoimirira, munthu n'kudutsa poteropo osaiona. Ndinasankha wachiwiriwo, ndipo sindinapemphe maganizo a munthu.

Zikanathera pomwepo, koma mwamuna wanga ali ndi pakamwa, Mulungu amukhululukire. Lamlungu lina tili ku Sinda, anthu atabwerako kutchalitchi, titakhala pansi pa mtengo wa mango, iye anayamba nthabwala zake.

"Amayi, mpongozi wanuyu amandikonda zedi. Waitanitsa kawailesi kochokera kunja, koti kadzalire ine ndikadzagwa."

Anaseka yekha. Apongozi ndi mayi wamfupi, wouma thupi, amene analera ana asanu ndi mmodzi ndi khasu amuna awo atamwalira. Anaika lichero pansi. Mwana wawo sanamuyang'ane n'komwe, anatembenukira kwa ine.

"Apongozi, n'zoona zimenezi?"

"N'zoona, amayi."

"Ndegeyo yagwa?"

"Sinagwe."

"Nanga mukukonzera chiyani? Kuno mwana akanyamula manja kumutu timamukalipira, timati ukuitana maliro. Manda sitikumba munthu akupuma. Inu mkazi wake weniweni mukuika chinthu chodikira kugwa kwa mwamuna wanu? Iye akhale kutsogolo, icho chili kumbuyo kwake, chikudikira? Kulaula kotani kumeneku?"

Ndinayesa kufotokoza mwaulemu, nditagwada. Ndinati kawailesi sikagwetsa ndege, monga ambulera saitana mvula. Alamu anga onse anazyolika.

"Mwanayu ndi wathu," apongozi anatero. "Chikadzachitika, anthu sadzafunsa za mawaya anuwo. Adzafunsa kuti anayamba kuzitchula ndani."

Ndinamva bwinobwino chimene ankanena. Kwathu kuno mwamuna akafa imfa yosamveka, maso onse amapita kwa mkazi. Ankandiuziratu kuti ndikapitiriza, tsiku la tsoka mlandu udzakhala wanga ndekha. Mtima unandiwira, ndipo ulemu unayamba kundithera m'kamwa.

"Amayi, ababa anga anadula kale nsanda yawo ine ndikadali pasukulu, ndipo mpaka lero akudya bwinobwino."

"Izo n'za kwanu."

"Ndiye izi n'za ntchito yanga."

Ha! Macheza anathera pomwepo. Tinakwera minibasi yobwerera ku Katete osayankhulana. Titatsika, mwamuna wanga anandigwira mkono n'kunditchula ainjiniya, monga amachitira akafuna kundinyengerera.

"Ainjiniya, bwanji mungowauza kuti mwasiya? Amayi sadzakwawira kumchira kukaona."

"Ndikanama lero, ndiye kuti ndavomera kuti ndi ufiti. Kanthu kabwino sindiika mobisa ngati chithumwa. Ndipo inu, tsiku lina pakamwa panupo padzakupachikani."

Phukusi litafika, ntchitoyo ndinagwira ndekha masiku awiri. Kameneka samangokamangirira paliponse ngati katundu wa panjinga. Kamafuna kumchira, chifukwa ndege ikagwa chimaphwanyika ndi mutu, mchira kawirikawiri umatsala. Kamafuna pa chitsulo cholimba cha m'kati, osati pa lata lopyapyala la kunja, poti lata limanjenjemera n'kukanamiza. Pamwamba pake pali muvi, ndipo muviwo uyenera kuloza kutsogolo komwe ndege ikupita. Ukautembenuza, kadzagona tulo tsiku lomwe ukukafuna. Choikirapo chakale ndinachizula, ndinapanga china, kuyeza, kubowola, kukhoma. Eriyo ndinaimika pamsana pa ndege chapafupi pomwepo kuti waya ukhale waufupi, koma ndinausiya wolekerera pang'ono kuti ndege ikadzapindika usadzaduke. Waya wina ndinaukoka pansi pa mipando mpaka kutsogolo, n'kuika swichi ndi kagetsi kofiira pamaso pa woyendetsa. Bawuti iliyonse ndinaimanga, kuiyesa, n'kuiyesanso. Zigongono zinasupuka. Ndinkayankhula ndekha m'menemo, kuyankha apongozi mawu onse amene ndinawameza ku Sinda, ndipo m'mchiramo ndinapambana mlandu kangapo konse.

Kuyesa kwake kuli ndi lamulo: kumayambiriro kwa ola, kamphindi kochepa chabe, kuti usadzidzimutse opulumutsa anthu pachabe. Ndinadina, kagetsi kanaphethira, kabelu kake kanalira. Ndinakasiya pa swichi yodikira n'kutseka chitseko cha kumchira.

Chomaliza inali fomu yolembetsa ku ofesi yoona za ndege ku Lusaka, kuti kakadzalira adzadziwe kuti ndi ndege yanji ndipo aimbire ndani. Mizere ya mafoni inali iwiri. Mwambo umati uthenga woipa wa mwamuna uyambe wafika kwa abale ake, mkazi amvere pambuyo. Mwambo ukhale apo. Foni ya apongozi imagona m'chikwama cha kutchalitchi, batire litatha masiku atatu apitawo. Pamzere woyamba ndinalemba nambala yanga, pachiwiri ya amanijala.

Zaka zitatu kanakhala duu. Chaka chilichonse ndinkakwawira kumchira, kuona tsiku lothera batire, kugwedeza waya, kuyang'ana ngati dzimbiri lalowa. Ku Sinda ankandilonjera bwinobwino, mpando ankandipatsa, koma ndiwo zophika ine apongozi ankangozilawa n'kukankhira adzukulu. Kupemphera kwawo tisanadye kunkatalika ine ndikakhalapo, ndipo nthawi zonse munkakhala mawu akuti mutchinjirize mwana wanga ku zomwe anthu amuikira. Ine ndinkati ameni mokweza kuposa aliyense.

Linali Lachinayi, mwezi wa Malichi womwewo, cham'ma leveni m'mawa. Mwamuna wanga anali atakasiya dokotala ndi makatoni a mankhwala kumudzi wina wa m'malire, akubwerera yekha. Ine ndinali m'shedi ndikupukuta masipanala. Foni inalira, nambala ya ku Lusaka. Anali mawu a bambo wodekha wa ku ofesi ija. Anatchula nambala ya ndege yathu.

"Mayi, kawailesi ka ndegeyi kakulira. Ili pansi pomwe mulipo kapena ikuuluka?"

Amafunsa choncho chifukwa nthawi zambiri kamalira pachabe, wina akakagunda pokonza. Ndinayang'ana malo opanda kanthu pakati pa shedi.

"Ikuuluka," ndinatero. "Ndipatseni malo."

Pepala sindinalione, manambalawo ndinalemba pamkono. Foni ya mwamuna wanga sinkapezeka. Sindinalire ayi, nthawi yake inalibe. Nditalowetsa manambala pamapu a pafoni, kadontho kanagwera m'dambo pakati pa mapiri awiri, mbali ya ku Vubwi, kopanda msewu. Ndinaimbira namwino wa pakiliniki ina yakufupi, mayi wolimba mtima amene ankalandira mankhwala athu, n'kumutumizira kadonthoko. Anati akutenga njinga yamoto ndi amuna anayi pompano. Kenako ndinaimbira mlamu wanga ku Sinda kuti akauze amayi ake zoona zokhazokha: ndege yagwa, ndipo tikudziwa pomwe ili. Ine ndi amanijala tinalowa m'galimoto, kudzera ku Chadiza, matope okhaokha. Njira yonse bambo aja sanatchule mawu akuti tiona.

Zomwe zinachitika ndinazimva pambuyo pake. Muimba, chimbalame chachikulu chija chodya zakufa, unamenya pulopela n'kuswa galasi la kutsogolo. Injini inayamba kugwedezeka ngati ikufuna kuzuka, mwamuna wanga anaizimitsa n'kusankha dambo. Anatera bwino ndithu, koma gudumu linatitimira m'matope, ndege inabaya mphuno pansi. Mwendo unathyoka n'kupanikizika, magazi akutuluka, iye osatha kutuluka m'ndegemo. Poti injini inali yozima, anthu olima kuseri kwa phiri sanamve kanthu. Namwino uja anati atafika pomwe foni inkaloza anangoona udzu, mpaka mmodzi mwa amuna aja ataona nsonga ya mchira ikuyera, mtunda woti ukhoza kuponya mwala.

Ife tinakumana nawo pomwe msewu unathera, akutsika naye atamugoneka pachitseko chobwereka m'mudzi. Dzuwa linali likadali pamwamba pa phiri. Nkhope yonse magazi ouma ndi nthenga. Anatsegula diso limodzi.

"Ainjiniya," anatero, "kanthu kanu kaja n'kaphokoso."

Pamenepo ndiye ndinalira, mayo ine, ndinalira ngati mwana, uku ndikumutukwana kuti chitsiru, ukadali ndi nthabwala. Amuna onyamula aja sanadziwe kuti aseke kapena ayi.

Kuchipatala ku Katete adokotala anati akanagona kudamboko, magazi akanamuthera. M'mawa mwake apongozi anafika ndi minibasi yoyamba. Analowa m'wodi osalonjera munthu, anagwada, anagwira phazi la mwana wawo, la mwendo wabwinowo. Atamva kuti chinamenya ndege ndi muimba, anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa zomwe ankadziwa kale. Mbalame yotero, kumwamba konse kuja, ikapeze kandege kamodzi? Kwa iwo inali yotumidwa.

"Mawu a akulu akoma akagonera," anatero mokweza. "Ndinanena ine. Munaitana, apongozi, ndipo zabwera."

Amayi onse odikirira odwala anatembenuka. Mwamuna wanga anayesa kudzuka kuti ayankhule, ndinamukankhira pa pilo. Ulendo uno sindinagwade.

"Amayi, nenani zonse, ndamva. Mukauzenso a ku Sinda kuti ndine, sindikana. Koma taonani chimene mwagwira m'manjamo. N'chofunda kapena chozizira? Mukundinena muli pambali pa bedi. Amayi anga analibe bedi, analibe manda, analibe ngakhale nsapato imodzi yoti agwire. Mlandu uwu ndausenza, ndipo akadzagula ndege ina ndidzaikamonso, muvi utaloza kutsogolo."

Phazi lija sanalisiye. Maganizo awonso sanasinthe, mpaka lero lino, ndipo ine sindikuwadikira. Mwana wawo amatsimphina pang'ono, amakhala nawo pakhonde lomwelo, akuwathandiza kuswa nsawa uku akumva mkazi wake akunenedwa. Ndege ina inabwera, ndinakwawira kumchira, ndinachita zomwe ndinanena.

Koma tsiku la kuchipatala lija silinathere m'wodi. Chakumadzulo ndinapita kusitolo kukawauza ababa. Ndinawapeza akuyeza chitenje patebulo, magalasi ali pamphuno. Akalamba tsopano, ndipo mawu awo anali ochepa kuyambira kale. Ndinawafotokozera zonse, za foni ya ku Lusaka, za kadontho, za udzu. Sanandidule.

"Munamupeza nthawi yanji?" anafunsa nditamaliza.

"Dzuwa lisanalowe, baba."

"Tsiku lomwelo?"

"Lomwelo."

Anasalaza ndi dzanja nsalu yosalala kale. Kenako anayang'ana kuchitseko cha kuseri, komwe kuli kabati ndi sutikesi ija.

"Kameneko," anatero, "ka panjinga amapanga?"

"Masiku ano amapanga, baba. Kolowa m'thumba."

"Masiku ano," anabwereza motsitsa. Anavula magalasi, anawapukuta ndi mkanjo nthawi yaitali, n'kuyamba kupinda chitenje chija.